Phala kapena kandulo: kuphunzitsa za nyanja ya miyala yosungunuka

Mwezi uli wakhanda, zaka pafupifupi 4.5 biliyoni zapitazo, unakutidwa ndi miyala yosungunuka. Yolemera inamira, yopepuka inayandama n'kuuma. Ndiwo malo oyera aja timaona pamwezi usiku. Nanga inu aphunzitsi a ku Chipata, ana muwaonetsa bwanji?

Phala: ufa ulipo kale, mbaula ndi malasha basi.
Kandulo: mpaka mukagule ku msika wa Kapata, ndipo phula likatenthetsa limayaka.

Phala likamazizira limagwira kakhungu pamwamba, pansi likutenthabe. Koma simuona chomira kapena choyandama.
Phula la kandulo mukalisungunula ndiye limaonetsa zonse: mchenga mukathiramo umapita pansi, tizidutswa ta phesi la chimanga timatsala pamwamba, n'kuumira pomwepo. Ine ndimakonda limeneli.

Ana aang'ono apatseni phala, adzadyanso pomaliza. Kandulo asiyireni a sekondale.