Batire la sola ku Tete: la galimoto, la gel kapena la lithium?

Magetsi a Cahora Bassa amapangidwa m'chigawo chathu chomwe chino, ku Songo, mamegawati 2075, koma ambiri amapita ku South Africa pa mawaya otalika makilomita oposa 1400. Boma likufuna kuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, ndipo mapolo a kampani ya magetsi ya EDM akulowadi m'madera ena. Komabe m'midzi yambiri ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, chowalitsa nyumba usiku ndi panelo la padenga ndi batire la pakona. Panelo labwino limatha zaka 20 likugwirabe ntchito. Chimene chimadya ndalama za anthu ndi batire, ndipo mabatire ambiri safa ndi ukalamba ayi, amafa chifukwa anapatsidwa ntchito yosakhala yawo.

Tiyambe tawerenga zimene nyumba imadya. Tengani mawati a chinthu chilichonse, muchulukitse ndi maola amene chimayaka, ndipo yankho lake ndiye ma-Wh. Mababu 4 a LED a mawati 5, oyaka maola 5, ndi 100 Wh. Mafoni 4, iliyonse pafupifupi 15 Wh, ndi 60. TV ya mainchesi 32 pamodzi ndi dikoda yake, tinene mawati 60 kwa maola 4, ndi 240. Zonse pamodzi ndi 400 Wh usiku umodzi. Imeneyo ndi nyumba ya ku Ulónguè kapena ku Dómuè, kumene anthu amagona atafunda bulangeti. Kuchigwa, ku Moatize, Changara kapena Mutarara, Okutobala akafika tulo sitibwera popanda fani. Fani ya 12V ya mawati 20 yozungulira maola 9 ikuwonjezera 180, ndiye tafika pa 580 Wh.

Batire la 12V lolembedwa 100Ah limasunga 1200 Wh papepala (mavolti kuchulukitsa ndi ma-Ah). Koma pa 1200 imeneyo, mungatapepo zingati usiku uliwonse osalipha? Apa ndi pamene mitundu itatuyi imasiyanirana.

Ambiri amayambira pa batire la galimoto, N50 kapena N70, ndipo n'zomveka: ndi lotsika mtengo, limapezeka kwa makaniko aliyense ndi m'misika ya m'malire ngati wa pa Lizulu. Mkati mwake muli timbale ta mtovu tambiri topyapyala, topangidwa kuti titulutse mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako galimoto n'kulidzazanso nthawi yomweyo. Kunyumba timalikama pang'onopang'ono usiku wonse mpaka kuuma. Timbale tija timayamba kuyoyoka, zinyenyeswazi n'kumadikha pansi, ndipo tsiku lina zimagundanitsa selo imodzi. Mudzaona batire lomwe dzulo linali pa 12.6V lero likukana kukwera kupitirira cha m'ma 10.5V. Limenelo lapita, ngakhale mutapita nalo kotchajitsa kangati. N70 ili ndi 840 Wh, koma kuti ikhalitse musamatapepo kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu, kutanthauza pafupifupi 170 Wh. Mababu ndi mafoni, basi. Mukalumikizako TV, werengani miyezi, osati zaka.

La gel, lomwe m'masitolo a mu mzinda wa Tete mudzalipeza lolembedwa "gel" kapena "ciclo profundo", nalonso ndi la mtovu, koma timbale take ndi tochindikala ndipo asidi wake anamuumitsa ngati phala. Lamulo lake ndi theka. Pa 100Ah mutape 600 Wh n'kulekera pomwepo. Nyumba ya ku Ulónguè ija ikukwanira bwino. Ya fani ija ikufika pamalire usiku uliwonse, ndipo ikufunika 150Ah.

Theka mulidziwa bwanji? Gulani mita yoyezera mavolti, si yodula. Muyeze m'mamawa dzuwa lisanagunde panelo, mutazimitsa zonse kwa ola limodzi. Mukapeza 12.7V kapena kupitirira, ndi lodzaza. Mukapeza 12.2V, lili pa theka. Likamadzuka pansi pa 12.0V tsiku ndi tsiku, mukulidya moyo. Timagetsi tobiriwira ta pa kontirola, kabokosi koyendetsa magetsi ochokera ku panelo kupita ku batire, musatikhulupirire masana, chifukwa timawerenga mphamvu ya panelo, osati zimene zili m'batire.

Chimene chimapha gel wambiri ndi njala. Batire la mtovu limafuna kudzaza kotheratu pafupipafupi. Likakhala masiku angapo osadzaza, mchere wa sulfate umene umapangika pa timbale potulutsa mphamvu umauma n'kukanirira, ndipo malo osungira mphamvu amachepa mpaka kalekale. Tsono taonani zimene zimachitika: munthu wagula batire la 100Ah, ndalama n'kuthera pomwepo, ndiye wagula panelo la mawati 50. Kwathu kuno dzuwa lamphamvu limakwana pafupifupi maola 5 patsiku, ndipo panelo la mawati 100, mukachotsa zotayika ndi kutentha, fumbi ndi mawaya, limapereka cha m'ma 350 Wh. La 50 likupereka 175 m'nyumba yodya 400. Batire limenelo silidzadzazanso kuyambira tsiku logulidwa. Nyumba ya 400 Wh ikufunika panelo losachepera mawati 150, ya 580 Wh mawati 200 kapena 250, ndipo ku mapiri a Angónia ndi Tsangano onjezani ndithu chifukwa cha mitambo ya Januwale ndi Febuluwale komanso chifunga cha mu Juni. Ndalama zikachepa, chepetsani batire, osati panelo.

Mdani wachiwiri ndi kutentha. Zaka zimene opanga amalemba pa batire amaziyeza pa 25°C, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa batire la mtovu umatsika ndi theka. Mu mzinda wa Tete kutentha kumapitirira 40°C mu Okutobala ndi Novembala. Batire loti likanatha zaka 4 ku Furancungo, m'chipinda cha malata chopanda siling'i ku Changara lingathe 2. Gel ali ndi vuto lina pamenepa: ndi wotseka, madzi akauluka simungawabwezeremo. Kontirola ikamamukankha kupitirira 14.2V m'chipinda chotentha, phala lija limachita mphako, batire n'kuyamba kutupa m'mbali. Choncho pa kontirola sankhani GEL, osati chisankho cha batire la madzi, chomwe nthawi ndi nthawi chimakweza mavolti dala kuti asidi atakasike.

N'chifukwa chake kuchigwa timaona kuti batire la sola la madzi, lokhala ndi zivindikiro zotsegula, silofunika kulinyoza. Limapirira kutentha kuposa gel chifukwa madzi otayika mumabwezeramo. Koma limafuna mwini wake. Muziyang'anamo mwezi uliwonse, nyengo yotentha sabata ziwiri zilizonse, madzi azimiza timbale ndi sentimita imodzi. Thiranimo água destilada yokha, madzi a batire opanda mchere. Madzi a pamjigo ali ndi mchere umene umawononga timbale, ndipo asidi sawonjezera, chifukwa chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsala. Batire limeneli limatulutsa mpweya wa hydrogen potchaja, ndipo mpweyawu umaphulika ukakumana ndi moto. Lisakhale kuchipinda chogona, kandulo ndi mbaula zikhale kutali, ndipo ana asalifikire.

Pogula la mtovu lililonse, linyamuleni. Mtovu ndi wolemera, ndipo 100Ah yeniyeni imalemera pafupifupi makilogalamu 30. Lolembedwa 200Ah koma mukulinyamula ndi dzanja limodzi, chikunama ndi chipepala chomatapo. Yang'ananinso tsiku limene linapangidwa, poti lokhala pashelefu chaka chathunthu osatchajidwa layamba kale kuwonongeka. Mabatire akale amene amati anachokera pa nsanja za mafoni asiyeni: akhala zaka m'kutentha, ndipo amene akugulitsayo nthawi zambiri sangakuuzeni mmene anawapezera.

Tifike pa lithium. Limene tikunena pano ndi lolembedwa LiFePO4 ndi 12.8V, la maselo 4 a 3.2V. La 100Ah lili ndi 1280 Wh, ndipo mutha kutapapo 1000 usiku uliwonse popanda vuto. Limalemera makilogalamu 11 mpaka 13. Chachikulu kwa ife n'chakuti silidandaula kukhala osadzaza. Sabata yathunthu ya mvula likhoza kuyenda pakati pa theka ndi pansi, dzuwa likabwera n'kudzaza ngati palibe chinachitika. Limabwezanso pafupifupi 95 pa 100 iliyonse imene panelo laikamo, pamene la mtovu limabweza 80 mpaka 85.

Anthu amathawa mtengo wake chifukwa amayerekeza 100Ah ndi 100Ah. Kuyerekeza koona ndi lithium ya 50Ah kapena 60Ah ndi gel ya 100Ah, popeza mphamvu yogwiritsa ntchito ndi yofananako. Kenako gawani mtengo ndi mausiku. Mapepala a opanga amapatsa gel maulendo otsika ndi kudzazanso mazana angapo, abwino kwambiri kufika cha m'ma 1000, akamatsitsidwa theka. LiFePO4 amaipatsa 2000 kupita m'mwamba. Ngakhale mutadula manambala onsewa chifukwa cha kutentha kwathu, pa moyo wa lithium imodzi mudzakhala mutagula gel kawiri kapena katatu.

Koma lithium ili ndi misampha yake, ndipo ogulitsa ambiri satchula. Mkati muli kabolodi kotchedwa BMS, kamene kamadula magetsi batire likatsika kwambiri, likatentha kapena likakokedwa mopitirira muyeso. Kakadula, mita imaonetsa 0V, ndipo kontirola zambiri zotchipa siziyaka popanda kuona batire, ndiye panelo lili padzuwa koma palibe chikulowa. Batire silinafe, lagona. Funsani kontirola yokhala ndi chisankho cha lithium komanso yotha kulidzutsa, ndipo muiike pa 14.2V mpaka 14.4V. Onaninso maampeya amene BMS imalola: inveta (chosinthira magetsi a batire kuti akhale ngati a EDM) ya mawati 1000 pa 12V imakoka pafupifupi 90A, ndipo filiji poyamba kulira imakoka kangapo kuposa mphamvu yake yanthawi zonse, choncho BMS ya 50A izingozima. Mita ya mavolti nayo sikuthandizani kwenikweni pano, chifukwa LiFePO4 imakhala cha pa 13.2V kwa nthawi yaitali kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Pamafunika mita yowerenga ma-Ah olowa ndi otuluka. Salitchaja pansi pa 0°C, koma likakhala m'nyumba, ngakhale chisanu cha ku Tsangano sichifika pamenepo. Kutentha kopitirira 45°C ndiye kwenikweni muzipewe. Liikeni pansi, m'chipinda chozizirirapo, osati pafupi ndi malata.

Chenjerani ndi mabokosi ongolembedwa "lithium" okhala ndi 11.1V kapena 12.6V. Mkati mwake mumakhala timabatire tozungulira ngati ta mu laputopu, kawirikawiri takale, ndipo mtundu umenewu ukatentha kwambiri kapena ukatchajidwa molakwika umayaka moto wovuta kuzimitsa. M'nyumba ya udzu tisauone n'komwe.

Palinso njira ya sola yolipira pang'onopang'ono kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Kabokosi kake kamabwera ndi batire la lithium, panelo loyenerana nalo, mababu, mwina ndi TV, ndipo zikawonongeka nthawi ya chitsimikizo isanathe amakukonzerani. Kwa banja lopanda munthu wodziwa mawaya, imeneyi ndi yabwino kuposa N70. Dziwani chabe kuti mukalephera kulipira kamazima, mapulagi ake salola zipangizo zina, ndipo mukawonkhetsa zolipira zonse zimaposa kugula pakamodzi. Funsani chiwonkhetso chonse musanasaine.

Kwa inu a Credelec, magetsi a EDM olipiriratu, mu mzinda, ku Matundo kapena ku Moatize, amene mukungofuna chogwirizira magetsi akathima, nkhani ikutembenuka. Batire lanu limakhala lodzaza nthawi zambiri ndipo limatsika mwa apo ndi apo, zomwe ndi zimene mtovu umakonda. Gel akukwanirani, bola akhale pozizira. Koma kumene batire limatsika usiku uliwonse, ife tikuti LiFePO4 yaing'ono ndi panelo lalikulu. Amene ndalama sizinakwane, agule batire la sola la madzi kapena gel n'kusunga lamulo la theka.

Mtundu uliwonse mungasankhe, kalumikizidwe kangathe kuliwononga. Panelo liyang'ane kumpoto, lopendekeka madigiri 15 mpaka 20, ndipo pakati pa ilo ndi malata pakhale mpata wa masentimita 10 kuti mphepo izidutsa, chifukwa panelo likatentha mphamvu imatsika. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala muzilipukuta m'mamawa ndi nsalu yonyowa. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango pa kona ungagwetse mphamvu ya panelo lonse. Panelo la 18V limayenda ndi kontirola wamba ya PWM, koma mapanelo akuluakulu a mawati 300 kupita m'mwamba amatulutsa 30V mpaka 40V, ndipo pa batire la 12V PWM imataya theka la mphamvu yawo kapena kuposa. Amenewo amafuna kontirola ya MPPT yeniyeni, yomwe imalemera chifukwa ili ndi koyilo ya mkuwa mkati. Yopepuka ngati sopo yolembedwa MPPT ndi PWM yovekedwa dzina. Waya wochokera padenga akhale wa mkuwa, 4 mm² kapena 6 mm² ngati mtunda ukupitirira mamita 5, ndipo wa inveta ya mawati 1000 akhale 25 mm² komanso wamfupi. Fyuzi ikhale pa waya wofiira, pafupi penipeni ndi batire. Mababu, fani ndi TV zikapezeka za 12V, tengani zimenezo, chifukwa inveta yongoyaka popanda ntchito imadya mawati 10 mpaka 20, ndipo usiku umodzi ingamalize mphamvu yoposa ya mababu onse anayi aja. Polumikiza, yambani batire ku kontirola, panelo pambuyo. Pochotsa, yambani panelo.