Foni yojambulira tauni usiku: Pixel yakaunjika, iPhone 11 kapena Samsung?

Anzanga amene amaona zithunzi zanga za Independence Arch ku Chichiri akhala akundifunsa kuti agule foni iti. Ndiyankhe pano kamodzinkamodzi, ndipo ndikamba za usiku zokha, chifukwa masana foni iliyonse imayesetsa.

Nambala ya megapixel (kuchuluka kwa tizigawo ting'onoting'ono topanga chithunzi) yolembedwa pa katoni musaiwerengere. Wogulitsa wina ku Limbe anandikakamiza foni yatsopano ya ma megapixel 108, nkumalumbira kuti mdima siudziwa. Ndinapita nayo ku tchalitchi cha St Michael and All Angels dzuwa litangolowa. Amene munachiona mukudziwa kuti kukongola kwake kuli mu njerwa: zinaumbidwa mosiyanasiyana, zina zokhota, zina zotulukira kunja, ndipo zakhala pamenepo chimalizireni ntchito mu 1891. Pa chithunzi khoma lonse linangoti phapha ngati phala lofiira, mizere ya njerwa osaoneka ndi umodzi womwe. Nditabwerera ku shopu anandiuza kuti katoni ikatsegulidwa sabweza ndalama. Mpaka lero zimandiwawa.

Chimene sanandiuze ndi ichi. Kukada, kamera imayenera kukhala chitsegulire kwa kanthawi kuti itole kuwala, ndipo pa kanthawi kameneko dzanja limanjenjemera ngakhale mugwire mpweya. Mafoni ena ali ndi OIS, kachipangizo kamene kamasuntha galasi la kamera kuti kabweze kunjenjemerako. Foni yopanda OIS imathamangira kutseka, chithunzi chimadzaza timadontho, kenako pulogalamu ya m'kati imafufuta timadonthoto pamodzi ndi njerwa zomwe. Ndipo ma 108 aja, foni imawaphatikiza asanu ndi anayi kukhala amodzi, chimene mumalandira ndi chithunzi cha 12 basi. Funso loyamba mu shopu likhale lakuti: ili ndi OIS?

Zitatu zimene ndikuyerekeza apa zonse zili nayo.

Pixel 6a ili ndi ma megapixel 12 okha, koma ndi imene ndimayenda nayo. Night Sight, njira yake yojambulira usiku yomwe Google inayambitsa mu 2018, imajambula zithunzi zambiri motsatizana nkuzilumikiza kukhala chimodzi. Chimene ndimaikondera nchakuti nyali za mumsewu sizimeza nyumba: mababu amakhala mababu, khoma limaoneka mizere yake, thambo limatsala lakuda monga lilili. Ubwino wakewo uli ndi mtengo wake. Kuno mumaipeza yakaunjika, sikirini ikasweka okonza mafoni ambiri amayamba ayitanitsa kunja, ndipo ilibe malo a memori kadi. Komanso mu 2025 Google inalengeza kuti batire ya ma 6a ena imatha kutentha kwambiri, choncho ngati thumba likulola dumphirani pa Pixel 7.

iPhone 11 ndi yoyamba ya Apple kukhala ndi Night mode, njira yake yojambulira usiku, mu 2019. Night mode imadziyatsa yokha kukada ndipo mitundu imatuluka yofunda bwino. Samalani, iPhone XR ndi SE zilibe Night mode, wina asakunamizeni kuti ndi zofanana. Vuto la 11 pa nkhani yathuyi ndi kamera yake yotambasula ija ya 0.5, imene sigwira Night mode. Mukaima tsinde la chipilala cha ku Area 18 ku Lilongwe, kuti chonse chilowe mumafuna kamera imeneyo, ndiye mumangobwerera m'mbuyo mpaka mumsewu. Mukaloza nyali zowala kwambiri imaonetsanso timadontho tobiriwira m'mwamba.

Samsung Galaxy A54 ndi ya munthu wofuna mtendere: zipangizo zake sizisowa, imalandira memori kadi. Kwa ine imawalitsa mopitiriza, usiku kumaoneka ngati m'bandakucha, koma ambiri amakonda zomwezo. Musaisokoneze ndi A14 kapena A15, zimenezo zilibe OIS.

Ndiye mukandifunsa, ndikuti Pixel, kenako iPhone 11, Samsung pambuyo. Ndikudziwa kuti ena mukana, makamaka a iPhone, koma tiyeni tikaime limodzi pa Clock Tower ya mu Blantyre cha m'ma 6 koloko madzulo tikaone amene manambala a wotchi awerengeke pa chithunzi chake.

Yakaunjika iliyonse muiyese musanapereke ndalama. Pemphani kulowa nayo pamalo a mdima mu shopumo, jambulani babu loyaka. Kuwala kukatuluka ndi michira yaitali ngakhale mwapukuta, ndiye kuti galasi la kamera ndi lokandika kapena linasinthidwa ndi lotchipa, ndipo masana simungazindikire. Ikanimo SIM ya TNM ndi ya Airtel muone ngati zonse zikugwira. Pojambulapo, tsamiritsani foni pa khoma kapena pa denga la galimoto, ikani timer, flash muzimitse chifukwa siifika pa nyumba. Pafupi ndi Nyumba ya Malamulo yambani mwapempha kwa achitetezo, ndipo usiku musapite nokha foni ili m'manja. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi njerwa zija zifufutikanso.