Zikwama zathu za chithandizo choyamba patatha miyezi khumi

Mnzanga wa ku Dwangwa anandifunsa pa WhatsApp sabata yatha kuti, "Achimwene, gulu lathu lasonkha kangachepe. Zikwama zanu zija tigule zomwezo?" Ndinachedwa kumuyankha chifukwa mtima wanga pa zikwamazi uli pawiri.

Ndife anthu asanu ndi awiri odzipereka pano pa Benga, m'mbali mwa msewu wa M5, ndipo maphunziro athu tinalandira kwa a Red Cross. Ngozi ikachitika timayamba kufika ndife, n'kumugwiriziza wovulala mpaka galimoto yomutengera kuchipatala itapezeka. Zikwama tinagula zitatu kwa bambo wina wogulitsa zipangizo zachipatala ku Lilongwe.

Zambiri za m'katimo sindingazinenere zoipa. Sizasi imadula jinzi ngati pepala. Tochi ya pamutu yatithandiza usiku wonse umene magetsi anazima. Chikwama chenichenicho chanyowapo ndi mvula pa njinga koma zipi ikadali bwino. Kamakina kopana chala koyezera mpweya m'magazi kamagwira, kungoti chala chikazizira kamanama, ndiye timayang'ananso kapumidwe ka munthuyo. Magolovesi okha anamatana ndi kutentha kwa Okutobala, moti pano bokosi limakhala m'nyumba, m'chikwama timangoika ochepa.

Chandichititsa kulemba izi ndi tourniquet, lamba womanga pa mkono kapena mwendo magazi akamatuluka mosaletseka. Ali ndi kamtengo ka pulasitiki kamene umapotokola mpaka magazi asiye, kenako n'kulemba nthawi imene wamangira kuti achipatala akadziwe. Woyamba anathyoka mwezi wachiwiri tikungoyeserera pa ntchafu ya mnzathu. Ndinati mwina ndi mmodzi yekhayo. Wogulitsa anatisinthira mosavuta, ngakhale ndalama yotumizira pa minibasi ndinalipira ndine.

Mwezi watha madzulo, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto anawombana ndi lole pafupi ndi msika. Mwendo unang'ambika m'munsi mwa bondo, magazi akuchita kuthovoka. Ndinapanikiza bala ndi bandeji, koma inadzadza nthawi yomweyo. Ndinatulutsa lamba, uja wosinthidwa uja, n'kumanga pamwamba pa bondo. Kupotokola koyamba bwinobwino, kachiwiri magazi anayamba kuchepa, kachitatu ndinangomva kuti thyo! Kamtengo kanatsala m'manja mwanga, magazi n'kuyambiranso. Mayi wina wogulitsa usipa anavula chitenje chapamwamba osafunsidwa n'komwe. Tinachipinda kuti chikhale chotambalala, chifukwa chingwe chopyapyala chimadula mnofu, tinamanga, ndipo wokonza njinga anatiponyera sipanala. Ndi sipanalayo tinapotokola mpaka magazi anasiya. Nthawi ndinalemba pa pulasitala n'kumata pa chipumi chake. Mnyamatayo ali moyo, mwendo sanadule. Koma usiku umenewo tulo sindinatione, manja ankangonjenjemera, poganiza kuti sipanala ija ikanapanda kukhala pafupi bwenzi tikunena zina.

M'mawa mwake ndinamuimbira wogulitsa. Poyamba anati tinapotokola mopyola muyeso. Mawu amenewa anandiwawa kwambiri, chifukwa lambayu ntchito yake ndi kupotokoledwa mpaka magazi asiye, ndipo pa ntchafu pamafunika mphamvu. Nditamutumizira chithunzi cha zidutswa ndi lisiti, anafewa, n'kuvomera kuti malamba amene amabwera m'zikwama zogula zodzadza kale ndi otsika mtengo, olimba amaitanitsa padera. Bwanji sanatiuze tsiku logula lija? Tikanasiya zina n'kuonjezera pamenepo. Akuti chigwereni kwacha mu Novembala 2023 katundu wakunja aliyense anakwera, ndipo anthu akamva mtengo wa lamba weniweni amathawa. Zakukwerazo ndi zoona, tonse tikuziona pa sopo ndi mafuta. Koma iye akudziwa kuti katundu wakeyu amapita pa mwendo wa munthu amene akutha magazi.

Tsiku limenelo ndikanalemba, ndikanati musayandikire n'komwe. Lero mtima watsikako, ndipo ndikaona sizasi, tochi ndi chikwama, ndalama yathu sinapite m'madzi yonse. Mnzanga uja ndamuuza kuti agule chikwama chopanda kanthu, mabandeji ndi thonje azigula payekha akuona tsiku lotha ntchito, ndipo ndalama yochuluka aike pa malamba olimba ngakhale awiri okha. Apemphenso lamba mmodzi woti amuyese pa ntchafu pomwepo m'sitolo. Wogulitsa akakana, atuluke.

Wogulitsa wathu uja walonjeza kuti atichotsera mtengo wa malamba atatu akale tikamagula olimbawo. Walonjeza pa foni chabe, ndiye mwezi ukatha ndikwera minibasi ya ku Lilongwe ndi zidutswa zija m'thumba. Pakadali pano chikwama chilichonse chili ndi chitenje chopinda ndi sipanala.