Telala wa pakhonde ku Ndirande: ntchito ndi yaluso, koma manja anachepa

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikusoketsa mayunifolomu a ana anga kwa bambo wina amene amakhala ndi makina ake opalasa ndi mapazi pakhonde la sitolo pafupi ndi msika wa Ndirande, ndipo pa nkhani ya luso ndilibe dandaulo. Msoko wawo ndi wowongoka, amapinda kawiri m'mphepete mwa siketi kuti mwana akatalika mungomasula, ndipo zipi amene anaika pa kabudula wa mwana wanga wamwamuna wapirira chaka chonse cha kuchapa ndi kusewera mpira. Vuto lawo ndi kuchedwa: zovala zimene kale zinkatha masiku atatu tsopano zimatenga masabata awiri, makamaka sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa.

Kuchedwaku kunayamba ndi mliri wa Covid-19. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020, ntchito ya mayunifolomu inatha nthawi yomweyo. Bamboyu anapulumukira pa kusoka mamasiki a chitenje, koma amayi awiri amene ankamuthandiza kusita, kuika mabatani ndi kudula ulusi anawauza kuti ayambe akhala kunyumba, chifukwa malipiro awo ankadalira kuchuluka kwa zovala zimene zatha tsikulo. Mmodzi anabwerera kumudzi kwawo ku Thyolo, wina anayamba kugulitsa mandasi, ndipo mpaka lero palibe amene anabwerera pakhondepo.

Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo miyezi yonseyo malipiro anga ankalowa ku banki monga mwa nthawi zonse, pamene aphunzitsi ambiri a sukulu zomwe si za boma, omwe ena anali makasitomala a telala yemweyu, anakhala osalandira kanthu. N'chifukwa chake sindinadabwe kuona mavenda akuchita zionetsero boma litalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 April chaka chomwecho, mpaka khoti lalikulu linaimitsa lamulolo. Munthu wopeza chakudya cha madzulo kuchokera pa zimene wagulitsa masana sakanatha kudikira.

Ndikulimbikitsa makolo a ku Ndirande ndi madera oyandikira kuti azisoketsa kwa bamboyu, koma apereke nsalu mwezi wathunthu sukulu zisanatsegulidwe, ndipo ngati angathe alipiriretu theka la mtengo, pakuti iye akuti akufuna kuitananso mayi wa mandasi uja ndalama zikayamba kukwanira.