Allen Mouse Brain Atlas: imathandiza bwanji pophunzira za kupuma ndi lilime?

Allen Mouse Brain Atlas ndi mapu a ubongo wa mbewa amene bungwe la Allen Institute for Brain Science la ku Seattle linamaliza kukonza mu 2006, ndipo aliyense angawagwiritse ntchito pa intaneti popanda kulipira. M'mapuwa muli zithunzi za ubongo wodulidwa m'timagawo topyapyala kwambiri, zosonyeza malo amene majini (malangizo a chibadwa opezeka m'maselo) pafupifupi 20,000 amagwirako ntchito. Ine ndinawayesa pa funso limodzi lokha, lakuti munthu wofuna kumvetsa mmene tsinde la ubongo, chigawo cholumikiza ubongo ndi msana, limayendetsera kupuma ndi lilime angapindule nawo motani.

Pa nkhani ya lilime, mapuwa sakhumudwitsa ngakhale pang'ono. Gulu la maselo lotchedwa hypoglossal nucleus, limene limatulutsa mtsempha wa nambala 12 wotumiza mauthenga ku minofu ya lilime, lili m'chigawo cha m'munsi cha tsinde la ubongo chotchedwa medulla, pafupi ndi pakati, ndipo m'mapuwa lalembedwa kuti XII. Mukafufuza jini ya Chat, imene imagwira ntchito m'maselo olamula minofu, maselo akuluakulu a gululi amaonekera bwino mbali zonse ziwiri, moti ngakhale wophunzira watsopano sangawaphonye.

Kupuma ndiye kumavutirapo. Malo amene amayambitsa kupumira mkati, otchedwa preBötzinger complex, anawafotokoza Jeffrey Smith, Jack Feldman ndi anzawo mu 1991 atafufuza ana a makoswe ongobadwa kumene. Malowa ali cha kumunsi kwa medulla, pafupi ndi gulu lina la maselo lotchedwa nucleus ambiguus, koma alibe malire ooneka ndi maso. Majini a Tacr1 ndi Sst amathandiza kuwalondola, ngakhale kuti amaonekanso m'malo ena ambiri, choncho wowerenga ayenera kudziwiratu kumene akuyang'ana. Sindikuimba mlandu okonza mapuwa pa zimenezi, chifukwa ndi mmene ubongowo unapangidwira.

Chimene zithunzi zosayenda sizingaonetse ndicho chinthu chosangalatsa kwambiri pa nkhani yonseyi. Kagawo ka medulla kokhala ndi malo amenewa, kakaikidwa m'madzi okhala ndi mchere ndi mpweya woyenera, kamapitiriza kutulutsa zizindikiro za kupuma pakokha, ndipo ofufuza amazijambula pa mtsempha wa lilime womwewo. Zili choncho chifukwa nthawi iliyonse imene nyama ikupumira mkati, mnofu wa lilime wotchedwa genioglossus umalimba n'kukokera lilime kutsogolo kuti njira ya mpweya isatsekeke. Kulimba kumeneku kukachepa m'tulo, anthu ena amaliza mkonono, ndipo ena amabanika kwa kanthawi mobwerezabwereza usiku wonse. Mapuwa amasonyeza kumene maselo ali, koma nthawi imene amagwira ntchito ndi mmene amadalirana muyenera kuzifufuza kwina.

Pali zovuta zinanso zing'onozing'ono. Majini ena ali ndi zithunzi za ubongo wodulidwa chamlitali chokha, pomwe tsinde la ubongo limamveka bwino likadulidwa chopingasa. Zonse zalembedwa m'Chingelezi ndi zidule zambirimbiri, ndipo zithunzi zake n'zikuluzikulu, zochedwa kutseguka intaneti ikakhala yofooka.

Kwa ophunzira za udokotala wa ziweto kapena wa anthu, komanso aphunzitsi a sayansi ya zamoyo, mapuwa ndi oyenera kuwagwiritsa ntchito, bola pambali pakhale buku lofotokoza kagwiridwe ka ntchito ka ziwalo. Wongoyamba kumene ayambe ndi XII, kenako atsikire ku malo a kupuma.