Ndemanga: kampani yotumiza agalu ku UK kuchokera ku Lilongwe, za ndege amazidziwa koma masiku muwerenge nokha

Tawapatsa nyenyezi 4 pa 5. Ndi kampani yaing'ono, ntchito yawo ndi kutenga galu pakhomo panu ku Lilongwe mpaka akatuluke ku bwalo la ndege la Heathrow ku London. Galu amene anatitumizira ndi wachikuda wosakanizika, wa makilogalamu 24, ndipo anafika ali bwinobwino, sanalowe m'mbindikiro. Nyenyezi imodziyo tawachotsera chifukwa cha mmene anawerengera masiku poyamba, komanso mtengo womwe anatiuza womwe unali wosakwanira.

Amene akuganiza zowalemba ntchito adziwe kaye kuti Malawi sali pa mndandanda wa mayiko omwe UK imawakhulupirira pa nkhani ya chiwewe. Zambia, Mozambique, Zimbabwe ngakhale South Africa nawonso salipo. Galu wochokera kuno amadutsa njira yaitali, ndipo njirayo ili ndi ndondomeko yake yosalola kudumpha kapena kutembenuza. Choyamba ndi microchip, katchipi kofanana ndi njere ya mpunga komwe a vetenale amakabaya pansi pa khungu pakati pa mapewa. Kakhale ka muyezo wa padziko lonse wa ISO 11784 ndi 11785, ka manambala 15, kuti makina a ku UK akathe kukawerenga. Tchipi ikalowa ndiye pabwere katemera wa chiwewe, galu atakwanitsa masabata 12. Pakapita masiku osachepera 30 chibayireni katemerayo amatenga magazi, ndipo zotsatira zake, zomwe zimasonyeza kuchuluka kwa chitetezo cha chiwewe m'magazimo, ziyenera kufika pa 0.5 IU/ml kapena kuposerapo. Kenako mumadikira miyezi 3, kuwerenga kuchokera tsiku lomwe magazi anatengedwa, osati tsiku lomwe zotsatira zatuluka. Mukaphatikiza zonse, galu wamkulu safika ku UK pasanathe miyezi 4, ndipo kamwana kagalu sikangafike kasanakwane pafupifupi miyezi 7.

Apa ndi pomwe kampaniyi inaterereka. Ataona khadi la katemera lomwe galuyo anali nalo kale, anatipatsa tsiku lotengera magazi osafunsa kuti tchipi inalowa liti. Agalu ambiri kuno anabayidwa pa katemera wa m'madera, monga uja amachita a Mission Rabies ku Blantyre chiyambire 2015, kapena wa boma wa pa 28 September, tsiku lolimbana ndi chiwewe padziko lonse. Katemera ameneyo ndi weniweni ndipo amateteza, koma khadi lake silikhala ndi nambala ya tchipi. Kwa woyang'ana mapepala ku Heathrow, katemera wobayidwa tchipi isanalowe sawerengedwa, chifukwa palibe umboni woti galu amene anabayidwayo ndi yemweyu. Zikatero galu abayidwenso, masiku 30 aja ayambire pomwepo. Titawasonyeza tsiku la tchipi ndi la katemera anavomera msanga n'kukonza, koma munthu wosadziwa akanalipira labotale, n'kudikira miyezi 3, kenako n'kukamva za vutoli galu ali kale ku London. Funsani a vetenale kuti awerenge tchipi ndi makina awo asanabaye katemera, asanatenge magazi, ndiponso asanamwetse mankhwala, ndipo nambalayo ilembedwe pa pepala lililonse. Nambala imodzi ikasemphana pakati pa khadi la katemera ndi lipoti la labotale, mapepala onsewo agwa.

Za magazi anazigwira bwino kwambiri, ndipo gawo limeneli ndi lovuta kulichita nokha. UK imalandira zotsatira za ma labotale ovomerezeka okha, ndipo yapafupi ndi kuno ndi ya Onderstepoort ku Pretoria. Satumiza magazi momwe atulukira m'thupi. Amawasiya agwirane, n'kuwazunguza pamakina kuti madzi achikasu aja, seramu, apatuke, ndipo amatumiza mililita imodzi kapena awiri m'kabotolo kotsekedwa bwino, m'bokosi la ayezi. Seramu ikafiira, ndiye kuti maselo a magazi aphulika, mwina chifukwa chokoka jekeseni mwamphamvu kapena kusiya kabotolo padzuwa m'galimoto, ndipo labotale ikhoza kuikana. Kampaniyi inatisonyeza kabotoloko asanakatseke, koyera mwachikasu, nambala ya tchipi ndi tsiku zitalembedwa pambali, ndipo za mapepala olowetsera seramuyo ku South Africa anathana nazo okha.

Malangizo awo pa nthawi yotengera magazi analinso olondola. Chitetezo cha katemera chimakwera kwambiri pakatha pafupifupi mwezi, kenako chimayamba kutsika pang'onopang'ono. Choncho tsiku la 30 likakwana musazengereze mpaka miyezi. Agalu aang'ono omwe abayidwa kamodzi kokha m'moyo wawo, ndi agalu akuluakulu thupi, ndi amene amakonda kulephera kufika pa 0.5. Akalephera palibe kuchonderera: katemera wina, masiku 30 ena, magazi ena, ndalama zina. Tsiku lobaya limawerengedwa ngati 0, kotero galu wobayidwa pa 1 March magazi ake atengedwe pa 31 March kapena mtsogolo, ndipo angalowe ku UK kuyambira 1 July kuti pasakhale mkangano. Chabwino chake n'chakuti zotsatirazo sizitha ntchito malinga ngati katemera wobwereza akubayidwa wakaleyo asanathe mphamvu. Mukadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, zonse zimayambiranso. Amene akudikira visa ayambiretu za galu panopa, n'kumangosunga katemera wake osaduka.

Masiku 10 omaliza ndi amene amasonyeza chifukwa cholipirira anthu ngati awa. Galu amafunika chiphaso cha zaumoyo cha Great Britain, chomwe chimatsimikizidwa ndi dokotala wa ziweto wa boma, ndipo ayenera kufika ku UK pasanathe masiku 10 chichisainireni. Kuno zimenezi zimadutsa ku Department of Animal Health and Livestock Development, komwenso kumachokera chilolezo chotulutsira chiweto kunja. M'kati mwa masiku omwewo muli kampata kena kakang'ono: mankhwala a njoka za m'mimba zamtundu wa tapeworm. Galu amwe mankhwala okhala ndi praziquantel, monga Drontal kapena Milbemax, pakati pa maola 24 ndi 120 asanalowe m'dzikolo. Frontline ndi NexGard ndi za utitiri ndi nkhupakupa, mulibe praziquantel, ndiye sizilowa m'malo. A vetenale ndi amene amwetse, n'kulemba dzina la mankhwala, kampani yopanga, tsiku ndi ola, kenako siginecha ndi chidindo. Ola limenelo anthu amaliiwala, koma ndi lomwe amawerengera.

Kampaniyi inakonza zoti galu amwe mankhwala kutatsala pafupifupi masiku awiri kuti atere. N'zanzeru. Kuchokera ku Kamuzu International Airport kulibe ndege yolunjika ku London, galu amasintha ndege panjira, ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Mukamwetsa molawirira kwambiri, ndege imodzi ikangolephereka maola 120 aja atha galu ali m'njira. Mukamwetsa mochedwa, akatera maola 24 asanakwane. Masiku awiri amasiya mpata mbali zonse. Anayang'ananso kuti chiphaso chasainidwa ndi inki yosiyana mtundu ndi zosindikizidwa, ndipo mapepala enieni, osati mafotokope, anawaika m'pulasitiki n'kuwamata pamwamba pa bokosi. Ife anatisiyira mafotokope ndi zithunzi pa WhatsApp.

Ku UK galu salowa m'chipinda cha anthu okwera ndege, salowanso ngati chikwama chanu, kupatula agalu othandiza anthu olumala. Amayenda ngati kago yokhala ndi air waybill (chikalata cha katundu wa pa ndege) yakeyake, pa ndege yomwe ili pa mndandanda wovomerezeka ndi APHA, nthambi ya boma la UK yoona za umoyo wa ziweto. Mwini wake, kapena munthu amene wamulembera kalata yomupatsa mphamvu, ayende pasanadutse masiku 5 galuyo asanafike kapena atafika. Kupyola apo amamutenga ngati galu wamalonda, ndipo malamulo ake ndi ena. Choncho musagule tikiti yanu malo a galu asanatsimikizike. Pa izi kampaniyi inali yachangu ndipo imayankha mafoni ngakhale Loweruka.

Bokosi anabwera kudzayeza okha ndi tepi, motsatira malamulo a IATA, bungwe la makampani a ndege padziko lonse. Mulitali amayeza kuchokera pamphuno kufika pomwe mchira wayambira, n'kuwonjezera theka la kutalika kwa mwendo wakutsogolo kuchokera pansi kufika pachigongono. Mulifupi ndi kukula kwa mapewa kuwirikiza kawiri. Msinkhu wake ulole galu kuima mutu kapena makutu osakhudza denga. Agalu a mphuno zophwatalala amafunika bokosi lokulirapo ndi 10 peresenti, ndipo ndege zina sizimawalola n'komwe chifukwa amabanika msanga. Zotsekera zapulasitiki zolumikiza theka lapamwamba ndi lapansi anazichotsa n'kuika mabawuti achitsulo, mateyala anachotsanso, ndipo mbale ya madzi anaimangirira kuchitseko ndi kafanulo kuti antchito a pabwalo la ndege athire madzi osatsegula. Madziwo anawaumitsa mufiriji usiku, kuti asatayike pokweza bokosi koma azisungunuka pang'onopang'ono galu azinyambita. Mankhwala ogonetsa anakana, ndipo akunena zoona: amatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo m'mwamba mulibe womuyang'anira.

Bokosilo analibweretsa kutatsala masabata angapo. Galu wa kuno anazolowera kuyendayenda pabwalo usiku wonse, sanagonepo m'kanthu kotsekeka. Muyambe kumudyetsera momwemo chitseko chili pululu, kenako muzitseka kwa mphindi zochepa, mpaka azigona momwemo yekha. Wolowetsedwa mokakamiza tsiku la ulendo amaluma zitsulo za chitseko mpaka kuthyola mano kapena kung'amba zikhadabo. Pa tsikulo adye pang'ono maola angapo asananyamuke, ayende kuti adzithandize, ndipo kolala ndi unyolo zisakhale pakhosi pake m'bokosimo.

Chachiwiri chomwe tawachotsera nyenyezi ndi mtengo. Mtengo woyamba unali ndi za kuno ndi za ndege zokha. Ndalama zolipira ku Heathrow Animal Reception Centre, komwe amawerenga tchipi ndi kuyang'ana mapepala, ndi za ejenti wa kasitomu wa ku UK, zinadzatulukira mochedwa, ndipo si zochepa. Za fomu ya ToR1 anatiuzanso mochedwa. Fomuyi imapita ku HMRC, bungwe lotolera msonkho ku UK, ndipo amene akusamukira ku UK akavomerezedwa amapatsidwa nambala yomwe imachotsa msonkho pa katundu wake, galu yemwe. Popanda nambalayo mungalipire VAT ya 20 peresenti, yowerengedwa pa mtengo wa galu pamodzi ndi wa ulendo wake. Yankho lake silibwera tsiku limodzi, ndiye lembani fomuyi mukangodziwa mwezi wosamuka. Dziwaninso kuti ndege nthawi zambiri siilipiritsa kulemera kwa galu koma kukula kwa bokosi: mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, kuchulukitsa zonse, n'kugawa ndi 6000. Bokosi la 102 x 69 x 76 limawerengedwa ngati makilogalamu 89, ngakhale galu ali m'katimo ndi wa 24. Eni agalu akuluakulu ngati ma Boerboel akonzekere bokosi lamatabwa lokhomedwa mwapadera, ndipo afunse ngati lingalowe pakhomo la kago la ndege yochoka ku Lilongwe, poti ndege zing'onozing'ono sizinyamula bokosi lalitali.

Galu amene mapepala ake sakukwanira akhoza kuikidwa m'mbindikiro mpaka miyezi 4, zonse zolipira mwini wake, kapena kubwezedwa komwe wachokera. Chaka cha 2012 chisanafike, galu aliyense wochokera kuno amabindikiritsidwa miyezi 6 popanda kukambirana, ndiye malamulo a lerowa ndi opepukirapo, koma woyang'ana mapepala sakhululuka tsiku limodzi. Kutuluka ku Heathrow kumatenga maola angapo ndege itatera, ndiye wokamulandira asathamange. Pali china chomwe kampaniyi inatifunsa poyambirira, ndipo inachita bwino: zithunzi za galu kuchokera kutsogolo ndi m'mbali. Pit Bull Terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro ndi oletsedwa ku UK, ndipo XL Bully anawonjezeredwa ku England ndi Wales kumapeto kwa 2023, ndi ku Scotland mu 2024. Lamulo limayang'ana maonekedwe, osati dzina lolembedwa pa khadi, kotero galu wosakanizika wa mutu waukulu ndi chifuwa chotambalala akhoza kugwidwa ngakhale mapepala a chiwewe ali bwino.

Zonsezi ndi za England, Scotland ndi Wales. Northern Ireland imatsatira malamulo a EU, omwe pa masiku 30, miyezi 3 ndi 0.5 IU/ml ndi ofanana, koma chiphaso chake ndi china. Ku America, chiyambire 1 August 2024, galu akhale wa miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo wobayidwa katemera m'dziko ngati Malawi amayenera kutera pa bwalo la ndege lomwe lili ndi malo osungira ziweto ovomerezeka ndi CDC, nthambi ya boma la America yoona za matenda, atasungitsiratu malo. Wopanda zotsatira za magazi amakhala m'mbindikiro masiku 28. Australia ndiye siilandira galu wochokera ku Malawi mwachindunji: amayamba wakhala masiku 180 m'dziko lina lovomerezeka, kenako n'kukabindikiritsidwa ku Mickleham, kufupi ndi Melbourne, kwa masiku osachepera 10. Kampaniyi inanena poyera kuti njira yomwe imaidziwa bwino ndi ya UK ndi EU, ndipo za Australia imatumiza kwa anzawo a ku Johannesburg. Ngati mukupita ku UK alembeni ntchito, koma musanapereke dipoziti apempheni mtengo wolembedwa wokhala ndi ndalama za ku Heathrow ndi za kasitomu, ndi pepala limodzi losonyeza tsiku la tchipi, la katemera, la magazi ndi tsiku loyamba lomwe galu angatere, kenako muyerekeze masikuwo ndi zomwe zili pa gov.uk, webusaiti ya boma la UK, sabata yomweyo.