Royal Ballet pa sinema: tikiti ndi yodulirapo koma a ku Japan aja akuvina zoti ndalama siikuwawa

Amene muli kuno ku UK ndipo mumangodutsa ma poster a Royal Ballet, kampani ya gule wa ballet ya ku London, pa sinema ya kwanuko osayang'anako kawiri, ndati ndikuuzeniko mmene zimakhalira. Gule akamavinidwa ku Royal Opera House ku Covent Garden, London, makamera amakhala akujambula ndipo zimaonetsedwa nthawi yomweyo m'masinema ambirimbiri m'dziko muno ndi kunja komwe. Inu muli phee ku Leicester kaya ku Leeds kaya ku Nottingham, simunalipire sitima, simunasake pogona, koma mukuona zimene a ku London akuona usiku womwewo. Zimayamba cha m'ma 7:15 madzulo pakati pa sabata, nde amene muli pa shifiti ya usiku musadandaule, masinema ambiri amabwereza Lamulungu masana, amati encore.

Mtengo umasiyana malo ndi malo. Kwathu kuno ndimalipira pafupifupi £20, yomwe ndi yodula kuposa filimu wamba, koma yerekezani ndi mpando wabwino ku Covent Garden komwe £100 imatha osamva nkomwe, musanawerengere thiransipoti. Mipando yotchipa iliko kumeneko, kumtunda kwenikweni ku amphitheatre ndi yoimirira, koma kumeneko ovina amaoneka ting'onoting'ono nkhope osaiona. Ndipo nkhani yanga yonse yagona pa nkhopepo.

Chimene chimadabwitsa munthu woyamba kumene ndi mndandanda wa mayina. Kampani dzina lake Royal, yoyambitsidwa ndi Ninette de Valois mu 1931, munthu umayembekeza ma Smith ndi ma Jones okhaokha, koma ukuwerenga Fumi Kaneko, Akane Takada, Ryoichi Hirano, Sae Maeda, Mariko Sasaki, Daichi Ikarashi. Ndipo si oti angowaika kumbuyo kuti adzaze mzere ayi. Takada ndi Hirano anakwezedwa kukhala ma principal, udindo wapamwamba kwambiri wa wovina, mu 2016, chaka chomwecho ndi Francesca Hayward amene anabadwira ku Nairobi (ameneyu ndimamuchemerera ngati wakwathu ndithu). Kaneko, wa ku Osaka, anafika pa udindo umenewu mu 2021. Nutcracker imene anaonetsa m'masinema mu December 2022, kamtsikana Clara anali Sae Maeda, Sugar Plum Fairy anali Kaneko akuvina ndi William Bracewell. Gule wa Khirisimasi amene mabanja achingelezi amamutenga ngati mwambo wawo, mbali zonse ziwiri zazikulu za akazi zili m'manja mwa a ku Japan, aaa ine ndinasangalala nazo mopanda chifukwa.

Pali kankhani kamene anthu okonda ballet amakonda kukamba, koti a ku Japan ndi akatswiri pa miyendo basi, amazungulira bwino, amatera bwino, salakwitsa sitepe, koma mtima mulibe, sewero sadziwa. Mayi wina wachikulire amene timakonda kukhala naye mzere umodzi anandiuzapo zimenezi pa nthawi yopuma akumwa wine wake, mwaulemu wake wachingelezi uja. Ine ndikuti amene amalankhula choncho akaonere Romeo and Juliet ya mu March 2025, Kaneko ali Juliet, Vadim Muntagirov ali Romeo. Gule ameneyu anamupanga Kenneth MacMillan mu 1965 pa nyimbo za Prokofiev, ndipo mu gawo lachitatu muli malo ena pamene Juliet savina olo pang'ono. Romeo wathawa, makolo amukalipira kuti akwatiwe ndi Paris afune asafune, atuluka onse, iye amangokhala kumapeto kwa bedi kuyang'ana kutsogolo, nyimbo ikukwera ikukwera, iye osasuntha. Apa palibe mwendo woti ukubise. Kamera inabwera pafupi mpaka kumaona chifuwa chikukwera ndi kutsika, manja ali pa mawondo, maso ouma gwa ngati mayi wa pa maliro amene misozi yamuthera ndipo wayamba kuganiza zoti achite mawa, kenako mwaona m'masomo kuti waganiza chochita, anyamuka, atenga nsalu yake ulendo kwa wansembe. Mu sinema monse munali zii, ngakhale aja a ma popcorn anasiya kutafuna. Munthu wopanda mtima sangakhale pa bedi osachita kanthu nkugwira holo yonse choncho.

Nde apa mpamene sinema imaposera mpando wotchipa wa ku London. Zinthu ngati zimenezi uli kumtunda kuja umangoona kadontho koyera pa bedi.

Hirano naye ndi umboni wina. Ndi wamtali, mapewa otambalala, ndipo amamupatsa mbali za amuna ovuta, ansanje, osweka mutu, monga Leontes mu The Winter's Tale ndi Rudolf mu Mayerling. Mayerling ndi gule wolemera kwambiri kwa mwamuna, mwana wa mfumu wa ku Austria wosokonezeka ndi mankhwala ndi mfuti, akunyamula akazi osiyanasiyana usiku wonse, ndipo mu 2018 Hirano ndi amene anatsegulira season pa mbali imeneyi Edward Watson, amene anayenera kuivina, atavulala. Hiranoyu analowa kampani cha m'ma 2002 nkudikira zaka zoposa khumi kuti afike pamwamba, akuvina mbali zing'onozing'ono, kunyamula anzake, kuima kumbuyo ndi mkondo. Kaneko naye nkhani yake ndi ya kupirira, mawondo anamuvuta mpaka maopaleshoni, ndipo mu January 2020 Lauren Cuthbertson atavulala ndi iye analowa m'malo kuvina Aurora mu The Sleeping Beauty tsiku la makamera lenilenilo, asanakhale nkomwe principal. Aurora ali ndi malo aja otchedwa Rose Adagio, mtsikana waima pa chala cha mwendo umodzi, mwendo winawo uli m'mwamba kumbuyo, amuna anayi akubwera mmodzimmodzi kumugwira dzanja, ndipo pakati pa mwamuna uyu ndi winayo amayenera kusiya dzanja nkuima yekha. Pa sikirini yaikulu umaona kakolo akunjenjemera pang'onopang'ono kufunafuna balansi uku nkhope ikumwetulira ngati palibe chikuchitika.

Mwina mukufunsa kuti anthuwa achuluka bwanji ku Britain. Sizinayambe lero. Miyako Yoshida anapambana pa mpikisano wa Prix de Lausanne ku Switzerland mu 1983, nkupeza mwayi wophunzira ku Royal Ballet School, mu 1984 analowa Sadler's Wells Royal Ballet, kampani imene inasamukira ku Birmingham mu 1990 nkukhala Birmingham Royal Ballet. Anakhala principal mu 1988, mu 1995 anapita ku Royal Ballet mpaka 2010, pano kuyambira 2020 ndi mkulu wa National Ballet of Japan ku Tokyo. Tetsuya Kumakawa wa ku Hokkaido anatenga golide ku Lausanne komweko mu 1989, mu 1993 ali ndi zaka 21 anali kale principal, anthu amamukumbukira ndi kudumpha kwake, kenako anabwerera kwawo nkukayambitsa K-Ballet mu 1999. Takada ndi Hirano nawonso anadzera khomo lomwelo la Lausanne. Ku Japan masukulu a ballet ndi ambiri zedi koma ambiri ndi timasitudiyo ta anthu wamba, makolo amalipira m'thumba mwawo kuyambira mwana ali wamng'ono, mipikisano ndi yosayamba, nde ana amatuluka akuthwa. Vuto limabwera pa ntchito. Makampani ambiri kumeneko salipira salale ya pamwezi, wovina amalandira akavina, ena mpaka amapatsidwa matikiti oti agulitse okha, pomwe ku Britain kuli kontirakiti, salale, ma physio, nsapato kampani imagula. Nde mwana wa zaka 16 amanyamula chikwama kupita dziko la eni chilankhulo asakuchidziwa chifukwa ntchito imene anaphunzira kwawo siingamudyetse. Ife a ma care home ndi ma ward a NHS nkhani imeneyi sitifunika kutifotokozera kawiri eti.

Si Royal Ballet yokha. Ku Birmingham kuli Momoko Hirata, principal kuyambira 2013, ndi Miki Mizutani, ndipo David Bintley amene anatsogolera kampaniyi kuyambira 1995 mpaka 2019 anakhalaponso mkulu wa National Ballet of Japan kuyambira 2010 mpaka 2014 akugwira uku ndi uku. Ku English National Ballet Erina Takahashi anavina zaka pafupifupi 30 chilowereni mu 1996, kulinso Shiori Kase. Royal Ballet nayo imapita ku Japan pafupipafupi, 2019 inapita, 2023 inapitanso.

Tibwerere ku service yeniyeniyo. Chimene ndimakonda china ndi nthawi yopuma. Ku London anthu amathamangira ku bar ndi ku toileti, koma ife a ku sinema amatipatsa timafilimu ta kuseri, ma rehearsal, kucheza ndi ovina, kawirikawiri wofunsa amakhala Darcey Bussell amene naye anali principal pa kampani yomweyi. Ndi mmene ndinadziwira za nsapato zija zoimira pa chala, kuti kutsogolo kwake si thabwa kapena chitsulo koma nsalu ndi mapepala zomata ndi guluu, wovina amasoka yekha maliboni, amaimenya pansi kuti isamachite phokoso, ndipo peyala imodzi imatha kufa usiku umodzi. Asanayambe amafotokozanso nthano yake mwachidule, zomwe zimathandiza chifukwa mu ballet mulibe kulankhula, woyamba kumene ukhoza kukhala ola lathunthu osadziwa kuti wa malaya ofiira uja ndi mlongo wake kapena chibwenzi.

Koma kamera ili ndi chilema chake. Amakusankhira poyang'ana. Pamene atsikana a chipale chofewa mu Nutcracker akupanga mizere yawo siteji yonse, iwe ukufuna kuona onse nthawi imodzi, kamera yapita pa nkhope ya mmodzi. Nthawi zina munthu akuzungulira amakuonetsa kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, mapazi adulidwa, pamene ntchito yonse ikuchitikira ku mapaziko. Ndipo kudumpha sikuoneka kutalika kwake kwenikweni pa sikirini, amene anaonapo maso ndi maso akudziwa kuti mwamuna akauluka pa siteji umamva mpweya ukuchoka mu holo, pa kanema zimaoneka zophweka. Izi si zoti wina angakonze, ndi mmene kamera ilili.

Zimene zingakonzedwe ndi za sinema ya kwathu kuno, dzina sinditchula. Amatiika mu ka sikirini kakang'ono ka pakona, khoma limodzi ndi kumene akuonetsa filimu ya mabomba, nde violin akulira mwakachetechete Juliet akumwa mankhwala, kuseri kukumveka duuu duuu galimoto zikuphulika. Tsiku lina chithunzi chinaima kwa mphindi zingapo pakati pa gule, mawu akupitirira, ovina ali njo ngati ziboliboli, palibe wa ntchito anabwera kudzanena kanthu, mpaka bambo wina anachita kutuluka kukawasaka. Pepala la mayina a ovina limene amayenera kugawa pakhomo nthawi zina liripo nthawi zina "latha", pamene tilimo anthu osakwana theka la holo. Pa £20 zimenezi sizoona. Zakudya zawo nazo mtengo wake ndi wa pa eyapoti, ine ndimadyeratu kunyumba, makamaka pa magule a zigawo zitatu ngati Romeo and Juliet amene amatenga pafupifupi maola atatu, mukatuluka basi yomaliza ili pafupi kunyamuka.

Za anthu ake, musaope. Ambiri ndi azigogo achizungu ndi timagulu ta atsikana ophunzira kuvina atamanga tsitsi kumbuyo, wakuda mwina mukhala nokha, koma palibe za madiresi kapena masuti, jinzi ndi jekete ya mvula zili bho. Pomaliza ena amaomba m'manja ngakhale ovinawo sakumva, poyamba zimaoneka zachilendo kenako umapezeka nawenso ukuomba. Ana a zaka 7 kupita m'mwamba Nutcracker kapena Cinderella akhoza kupirira, koma Mayerling ana asiyeni kunyumba chonde, si ya ana olo pang'ono.

Chinthu chimodzi choti muonetsetse musanagule ndi cast. Gule mmodzi amavinidwa ndi magulu angapo pa masiku osiyana, wa pa sinema ndi gulu limodzi lokha, ndipo si nthawi zonse pamene mbali yaikulu imakhala ya a ku Japan, ngakhale pa magule aakulu sipalephera kupezeka mmodzi kapena awiri pa mbali zina. Mayina amalembedwa pa webusaiti ya Royal Ballet and Opera (ndi dzina limene akugwiritsa ntchito kuyambira 2024), koma muyang'anenso tsiku lomwelo chifukwa kuvulala ndi kwa tsiku ndi tsiku pa ntchito imeneyi. Kwa woyamba kumene ndinganene kuti dikirani pamene Kaneko kapena Takada ali pa gule wa nthano yomveka, Romeo and Juliet, Giselle kapena Swan Lake. Mpando sankhani wa kumbuyo pakati, kutsogolo khosi limawawa ndipo miyendo imaoneka italiitali mopitirira. Royal Ballet ndi ovina ake ndikuwapatsa 5 pa 5, sinema ya kwathu 2, ndipo iwiriyo ndi chifukwa cha mipando yofewa basi.